Kodi kuchotsa thermostat kungathetse kutentha kwa injini pa mitunda ya ku Nkhata Bay?

Mayi wa ku Katoto

Ndikupatsani moni nonse a pagulu lino. Ndili ndi Toyota Sienta imene ndimayendera malonda anga pakati pa Mzuzu ndi Nkhata Bay, ndipo masiku ano ndikayamba kukwera mitunda yobwerera kuno nditanyamula katundu, nyali yofiira yochenjeza za kutentha kwa injini ikumayaka, pamene m'tauni muno ndi potsikira kunyanja galimotoyi ikuyenda bwinobwino. Munthu wina wandilangiza kuti ndichotsetse thermostat, ati kachipangizo kameneka anakapangira mayiko ozizira monga Japan ndipo kuno kamangotsekereza madzi. Ndisanalole kuti sipanala ikhudze galimotoyi, ndikupempha amene akudziwa andifotokozere momwe madzi amaziziritsira injini, kuti povomera kapena pokana ndikhale ndikudziwa chimene ndikuchita.

Makaniko wa ku Luwinga

Mayi, mwachita bwino kufunsa musanachotse kanthu. Ndiyambe ndi kumene kutenthako kumachokera. Petulo akamayaka m'masilinda, moto wake umapitirira madigiri 2,000, pamene aluminiyamu imene anapangira hedi ya injini yanu, chitsulo chovindikira masilinda pamwamba, imasungunuka pa madigiri pafupifupi 660. Mwa mphamvu yonse ya mafuta amene mumagula, gawo limodzi mwa magawo atatu, mwinanso kucheperapo, ndi limene limayendetsa matayala. Gawo lina limatuluka ndi utsi ku ekizozi, ndipo lotsalalo limalowa m'zitsulo za injini. Gawo lotsirizali ndi limene madzi ayenera kulinyamula n'kukalitaya kunja.

Mkati mwa buloko, lomwe ndi thupi lalikulu la injini, ndi mwa hedi muli tinjira ta madzi timene timazungulira masilinda ndi malo amene mavalavu amakhala. Pampu ya madzi, imene pa Sienta zambiri imazungulitsidwa ndi lamba, imakankha madzi m'tinjira timeneti, ndipo madziwo akatenga kutentha amatuluka kudzera pa payipi yakumtunda kupita ku radiyeta. Radiyeta ili ndi timapayipi tambirimbiri topyapyala, ndipo pakati pa timapayipito pali tizitsulo topindapinda timene timachulukitsa malo okhudzana ndi mphepo. Madzi akamadutsa m'menemo, mphepo yolowera kutsogolo kwa galimoto imawalanda kutentha, kenako amabwerera ku pampu kudzera pa payipi yakumunsi. Ulendo wake ndi womwewo nthawi yonse imene injini ikulira.

Chimene anthu ambiri sachimvetsa n'chakuti zonsezi sanaziike kuti injini izizire. Anaziika kuti injini ifike msanga pa kutentha kumene anaipangira, komwe kuli cha pakati pa madigiri 85 ndi 100, ndipo ikhazikike pamenepo, kaya muli pa Chiweta masana a mu Okutobala kapena pa Chikangawa m'bandakucha wa mu Julayi. Imeneyo ndiyo ntchito ya thermostat. Mkati mwake muli kachibotolo kachitsulo kodzaza phula lapadera. Madzi akatentha, phulalo limasungunuka n'kufufuma, limakankha kachitsulo kapakati, ndipo khomo la madzi a ku radiyeta limatseguka. Pa injini zambiri za Toyota limayamba kutseguka pa madigiri 82, nambala imene amaidinda pa thermostat penipenipo, ndipo pofika madigiri 95 limakhala litatseguka lonse. Choncho pamene inu mukukwera mtunda injini ili yotentha, thermostat yabwino imakhala itatsegula kalekale ndipo siikutsekereza chilichonse. Ngati galimoto ikutenthabe khomolo lili lotseguka, vuto lili kwina.

Dalaivala wa minibasi ya ku Karonga

Akulu a ku Luwinga, mwafotokoza bwino za m'buku, koma ine ndilankhula za pamsewu. Minibasi zambiri zimene ndikuzidziwa pa msewu wa Karonga zilibe thermostat, ndipo zimakwera Chiweta tsiku ndi tsiku zitadzaza anthu ndi matumba a mpunga. Thermostat ikafa ili chitsekere imapha injini m'mphindi zochepa, ndipo sichenjeza munthu kuti lero ndikufa. Kwa ife amene timadyera pa galimoto, kuchotsa kachitsulo kamodzi kamene kangathe kutiwonongera hedi si umbuli ayi, ndi kusamala. Komanso kunyanja kumatentha kale. Injini zathu sizikusowa chozithandiza kutentha.

Makaniko wa ku Luwinga

Achimwene, mfundo yanu yoyamba ndi yoona, thermostat yokalamba ingathe kufa ili chitsekere, ndipo munthu amene zamuchitikira ali kutchire ndingamuuze ndithu kuti aichotse kuti akafike kunyumba. Koma akafika agule yatsopano, chifukwa kuyenda popanda thermostat kuli ndi mtengo wake umene suoneka tsiku loyamba.

Pa injini zambiri thermostat ili ndi ntchito ziwiri. Injini ikakhala yozizira, madzi amazungulira mkati mokhamokha kudzera pa kanjira kachidule kosafika ku radiyeta. Thermostat ikamatsegula khomo la ku radiyeta, kambale kamene kali kumapeto kwake kamatseka kanjira kachidule kaja, kuti madzi onse akakamizike kudutsa mu radiyeta. Mukaichotsa, kanjirako kamakhala kotseguka mpaka kalekale, ndipo gawo lina la madzi otentha limangobwerera mu injini osakumana ndi mphepo. N'chifukwa chake pali galimoto zina zimene zimatentha kwambiri pamtunda zitachotsedwa thermostat kuposa pamene inalimo.

Vuto lachiwiri limabwera potsika. Mayiwa akamatsetsereka kupita ku Nkhata Bay, phazi lawo limakhala pa buleki, injini siwotcha mafuta ambiri, koma mphepo imawomba radiyeta mwamphamvu. Popanda thermostat injini imazizira kwambiri, sensa imauza kompyuta kuti injini sinatenthe, ndipo kompyuta imaonjezera petulo monga imachitira m'mawa. Petulo wochulukayo amatsuka oyilo m'makoma a masilinda, ndipo chinyezi chimene chimalowa mu oyilo sichiuma chifukwa oyiloyo safika potentha mokwanira. Minibasi mukunenazo zikuyendadi, koma mukafunse eni ake kuti mafuta zikumwa bwanji, ndiponso kuti maring'i a mapisitoni akusintha patapita nthawi yaitali motani.

Mphunzitsi wa ku Chibavi

Ine ndimaphunzitsa sayansi ku sekondale, ndipo pali mfundo imodzi imene ikutikhudza ife a ku Mzuzu kuposa anzathu a kunyanja. Tonse tinaloweza kuti madzi amawira pa madigiri 100, koma zimenezo n'zoona pa malo otsika ofanana ndi nyanja zikuluzikulu zamchere. Munthu akamakwera m'mapiri, mpweya umapepuka ndipo supanikiza madzi kwambiri, moti pa mamita 300 alionse madzi amawira msanga ndi pafupifupi digiri imodzi. Nyanja ya Malawi ili pa mamita pafupifupi 475, mzinda wathu uli pa mamita pafupifupi 1,250, ndiye kuno madzi osapanikizidwa amawira cha pa madigiri 96. Tsono muyerekeze ndi zimene akulu a ku Luwinga anena, kuti thermostat imamaliza kutseguka pa madigiri 95. Ndiye kuti madzi wamba angayambe kuwira pamene injini ili pa kutentha kwake kwa masiku onse.

Chimene chimatipulumutsa ndi chitsekero cha radiyeta. Chili ndi sipuling'i imene imatsekera madzi mkati mpaka kupanikizika kutafika pa muyeso wolembedwa pamwamba pake, ndipo madzi opanikizidwa chomwecho sawira mpaka cha pa madigiri 120. Kuwira n'koopsa chifukwa nthunzi imakuta zitsulo za hedi, ndipo nthunzi sinyamula kutentha monga amachitira madzi, pamene pampu nayonso siingakankhe thovu. Mayi a ku Katoto akukwera mamita oposa 700 pa msewu wosakwana makilomita 50, injini ikugwira ntchito yolemetsa pamene malire a kuwira akutsikiratsikira. Ndikadakhala ine, ndikadayamba kukayikira chitsekero.

Wogulitsa zipangizo za galimoto mumsika

Aphunzitsi anena zoona, ndipo chitsekero ndi chinthu chimene anthu sagula pokhapokha chakale chitatayika. Zambiri zimalembedwa 0.9 kapena 1.1, ndipo munthu azigula cha nambala imene opanga galimotoyo anaika. Ena amafuna cha nambala yaikulu poganiza kuti chiziziritsa bwino, koma radiyeta za masiku ano zili ndi mathanki apulasitiki ongopanidwa pa aluminiyamu, ndipo pa galimoto yakale pulasitikiyo imakhala itauma, moti mukaipanikiza mopyola muyeso imang'aluka.

Chinanso, mukatembenuza chitsekero muona kavalavu kakang'ono pakati. Injini ikatentha madzi amafufuma ndipo ena amapita m'kathanki kapulasitiki ka pambali. Ikazizira, kavalavu kaja kamatseguka kuti madziwo ayamwidwe kubwerera mu radiyeta. Kakafa, kathankiko kamaoneka kodzaza pamene mu radiyeta madzi akuchepa, ndipo mwini galimoto amatseka boneti m'mawa uliwonse mtima uli m'malo. Payipi yakumtunda ikamaphwafuka injini itazizira, muyambe mwayang'ana kavalavu kameneko.

Mayi wa ku Katoto

Zikomo kwambiri nonse. Kuti mundithandize bwino, ndionjezere izi. Madzi ndimathira a pampope, nthawi zina a pamjigo ndikakhala kunyanja, ndipo m'mawa uno ndasuzumira mu radiyeta injini isanalire, ndapeza madziwo ali a mtundu wa dzimbiri. Fani ndimaimva ikulira ndikaima. Kodi madzi oyera angawononge bwanji chitsulo, pamene ife anthu timamwa omwewo?

Makaniko wa ku Luwinga

Mayi, mwatipatsa mfundo yaikulu. Galimoto imene imatentha ikaima pamzere koma n'kuzizira ikayamba kuthamanga, kawirikawiri vuto lake limakhala fani. Yanu imatentha pamtunda pokha, pamene injini ikutulutsa kutentha kochuluka, ndipo zimenezo zikutiuza kuti madzi akuzungulira ndithu, koma mwina radiyeta siikutha kutaya kutentha konse, kapena madzi akuyenda mochepa. Madzi a dzimbiriwo akufotokoza zonse ziwiri.

Madzi abwino kumwa si abwino ku injini. Ali ndi mchere wa m'nthaka, makamaka a pamjigo, ndipo akamatenthedwa mobwerezabwereza mcherewo umakanirira m'makoma monga zoyerayera zija zimene mumaziona pansi pa ketulo yowiritsira madzi a tiyi. Timapayipi ta radiyeta n'topyapyala kwambiri, choncho sitichedwa kutsekeka. Kuonjezera apo, m'njira ya madzi muli zitsulo zosiyanasiyana, aluminiyamu, chitsulo wamba, nthawi zina mkuwa, ndipo zitsulo zosiyana zikakhala m'madzi amodzi otentha zimadyana. Ndimatsegula mapampu a madzi amene kunja amaoneka abwinobwino, osadontha n'komwe, koma mkati timapiko tokankha madzi titatha ndi dzimbiri. Pampu yotero imakwanitsa ntchito ya m'tauni, koma pamtunda imalephera.

Anthu amati kuno madzi saundana, ndiye coolant ndi wachiyani. Kuletsa madzi kuundana ndi ntchito imodzi chabe ya coolant, ndipo kwa ife ndi yaing'ono. Ntchito imene ife tikuifuna ndi ya mankhwala oteteza zitsulo ku dzimbiri amene ali m'menemo, komanso kukweza malire a kuwira ndi madigiri angapo. Mankhwalawo amatha mphamvu ndi nthawi. Coolant wapinki amene Toyota amathira kufakitale amasinthidwa koyamba pa makilomita 160,000, kenako pa makilomita 80,000 alionse, koma galimoto zathu zimalowa pa Songwe kuchokera ku Dar es Salaam zitayenda kale, ndipo pofika kuno palibe akudziwa kuti za mu radiyeta zinathiridwa liti. Kenako timayamba kuonjezera madzi a pampope pang'onopang'ono mpaka mankhwala onse atasungunuka.

Musanagule chilichonse, makaniko wanu achite izi. Ayese chitsekero ndi pampu yoyesera, kapena angoona ngati labala wake sanang'ambike. Atulutse thermostat, aiike mumphika wa madzi pamoto pamodzi ndi choyezera kutentha, aone ngati ikuyamba kutseguka pa nambala yake ndiponso ngati ikutseguka mokwanira, osati kungoyasama pang'ono. Galimoto itayenda n'kuzimitsidwa, kiyi ali m'thumba, ayendetse dzanja mosamala pafupi ndi radiyeta. Akapeza malo ena ozizira pakati pa malo otentha, timapayipi ta pamenepo tatsekeka. Ayang'anenso pakati pa radiyeta ndi chinzake cha AC chimene chili kutsogolo kwake, chifukwa pampata umenewo pamadzaza fumbi, njere za udzu ndi tizilombo, ndipo munthu woyang'ana kutsogolo kokha sangazione.

Dalaivala wa minibasi ya ku Karonga

Za dzimbiri sindikutsutsa, ndaziona ndi maso anga. Koma coolant ndi wodula, akulu, ndipo minibasi imene ikudontha pang'ono simungaithire coolant m'mawa uliwonse. Anzathu ena amathira dzira laliwisi kapena ufa wa tsabola mu radiyeta ndipo kudonthako kumaleka. Nanga pamenepo munena chiyani?

Makaniko wa ku Luwinga

Ndinena kuti dzira silidziwa kusiyanitsa bowo lodontha ndi kapayipi kabwino, limatseka zonse zimene lakumana nazo, kuphatikizapo timapayipi ta hita timene n'tating'ono kuposa ta radiyeta. Njira ya madzi ikakhala yabwino siyenera kumwa madzi tsiku ndi tsiku. Ngati mukuonjezera m'mawa uliwonse, pali pamene akutulukira: payipi yotopa, kilampu yolephera, khosi la radiyeta, kapena kabowo kakang'ono ka pansi pa pampu kamene opanga anaika dala kuti kazidontha silo yotsekera madzi ya mkati ikatha. Ndipo paliponse pamene madzi akutulukira, kupanikizika kuja anafotokoza aphunzitsi kukuthawiranso pomwepo, ndiye kuti madzi anu akuwira msanga. Mutseke kaye bowolo, coolant simudzamugula kawirikawiri.

Poti mwatchula minibasi, pa Hiace zakale za dizilo fani siyendera magetsi. Imazungulitsidwa ndi lamba kudzera pa kachigubu kokhala ndi mafuta olimba a silikoni, kamene kamagwira mwamphamvu mphepo yochokera ku radiyeta ikatentha. Mafutawo akatha, fani imaoneka ikuzungulira koma siikoka mphepo yokwanira, ndipo pa Chiweta, pamene mukukwera pang'onopang'ono pa giya yaing'ono, mphepo ya pamsewu siingakuthandizeni. Mukazimitsa injini ili yotentha, mupukuse faniyo ndi dzanja. Ikamazungulira yokha kangapo mopepuka, kachigubuko katha. Thermostat zambiri zimachotsedwa chifukwa cha mlandu wa fani imeneyi.

Wophunzira umakaniko wa ku Zolozolo

Adada a ku Luwinga, ndifunse nawo. Kugalaja kumene ndikuphunzira, galimoto ikabwera ikutentha timakonda kulumikiza fani ya magetsi kuti izilira nthawi zonse kiyi akangotembenuzidwa. Kodi zimenezi zili ndi vuto, poti mphepo yochuluka siingawononge injini?

Wokonza magetsi a galimoto wa ku Chibanja

Mphwanga, ndikuyankhe ine poti zimenezi ndi za kumbali yathu. Fani ya magetsi anaipanga kuti izilira mwa apo ndi apo. Kompyuta, kapena switchi ya kutentha pa galimoto zakale, imaiyatsa madzi akayandikira madigiri 95 mpaka 100, ndiponso pamene AC yayatsidwa, kenako imaizimitsa madzi akatsika pang'ono. Galimoto ikamathamanga pamsewu, mphepo yolowera kutsogolo imaposa imene fani ingakoke, ndiye kulira kwake pa nthawi imeneyo n'kungotha mota ndi kulemetsa alternator. Mota imene inayenera kukhala zaka imatha msanga, ndipo imafa tsiku limene mukuifunitsitsa.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti kulumikiza chotero kumabisa vuto lenileni. Ngati fani sikuyaka yokha, chifukwa chake chingakhale fyuzi, relay, waya wodukira mkati, kapena sensa. Ngati yafa ndi sensa, dziwani kuti pa galimoto zambiri za masiku ano sensa yomweyo ndi imene imauza kompyuta kuchuluka kwa petulo woti ipereke, ndiye mwaziziritsa madzi koma mwasiya injini ikuyendera uthenga wabodza. Uphunzire kuyeza ndi mita, mphwanga, ntchito yake ndi ya mphindi zochepa.

Wogulitsa zipangizo za galimoto mumsika

Ndibwerere pa coolant, chifukwa apa anthu amataya ndalama. Alipo wa mitundu iwiri, wosakaniza kale amene mumangothira, ndi wosasungunula amene muyenera kusakaniza ndi madzi. Muwerenge pachigubu musanalipire. Ngati ndi wosasungunula, musakanize ndi madzi opanda mchere, aja timathira mu batire, koma muonetsetse kuti ndi madzi, osati asidi. Mtundu wokha usakunamizeni, chifukwa wofiira, wapinki, wobiriwira kapena wabuluu ndi utoto chabe umene opanga amaika, ndipo zigubu ziwiri zofanana mtundu zingakhale ndi mankhwala osiyana. Ngati simukudziwa zimene zili mu radiyeta, ndi bwino kukhetsa zonse, kutsuka, n'kuthira mtundu umodzi.

Mphunzitsi wa ku Chibavi

Ndionjezere kuti kuthira wosasungunulayo yekhayekha poganiza kuti agwira ntchito kwambiri n'kulakwitsa. Mankhwala aakulu mu coolant ndi ethylene glycol, ndipo pa kunyamula kutentha madzi amaposa mankhwalawa. N'chifukwa chake muyeso wodziwika ndi theka madzi, theka coolant, osapitirira pamenepo kwambiri. Komanso ethylene glycol ndi poizoni amene amawononga impso, ndipo amatsekemera. Wakale mukamukhetsa musamusiye m'beseni pabwalo pamene pali ana, agalu kapena nkhuku, ndipo musamusunge m'botolo la chakumwa.

Woyang'anira gulu

Zokambiranazi zikuyenda bwino, koma palibe amene wauza mayiwa choti achite nyali ikayaka ali pamtunda, ndipo ambiri amene akuwerenga ali ndi Vitz, Passo ndi Sienta zimene zilibe geji ya muvi, zili ndi nyali ziwiri zokha, ina yosonyeza kuti injini ikadali yozizira, ina yofiira. Nyali yofiira ikayaka ndiye kuti kutentha kwafika kale patali. Muzimitse AC, mutsegule hita mpaka pamapeto pamodzi ndi fani yake, chifukwa hita ndi karadiyeta kena kamene kali mkati mwa galimoto ndipo kamathandiza kutaya kutentha, kenako mupatuke pamalo oyamba abwino. Ngati nthunzi ikutuluka, madzi akutayika, kapena fani sikulira, muzimitse injini nthawi yomweyo. Hita ikamatulutsa mphepo yozizira pamene nyali yofiira yayaka, dziwani kuti madzi atha kapena sakuzungulira, ndipo pamenepo musapitirire ngakhale pang'ono.

Chachikulu, musatsegule chitsekero injini ili yotentha. Madzi amene ali mkatimo apitirira madigiri 100 ndipo akungoletsedwa kuwira ndi chitsekerocho. Mukachimasula amasanduka nthunzi nthawi imodzi n'kukuthirani kumaso. Mudikire mpaka payipi yakumtunda itafewa ndipo mukutha kuigwira ndi dzanja, muike nsalu yokhuthala, mumasule pang'ono kaye. Musathirenso madzi ozizira mu injini yotentha kwambiri, hedi ingathe kung'aluka.

Namwino wa ku Chiputula

Ndikugwirizana ndi a woyang'anira gulu. Wina akapsa ndi madzi a radiyeta, athire madzi oyera ozizira pabalapo kwa mphindi 20, avule mphete kapena wotchi dzanja lisanatupe, ndipo apite kuchipatala ngati wapsa kumaso kapena malo aakulu. Asapakepo oyilo, dzira kapena mankhwala otsukira mano.

Mayi wa ku Katoto

Ndabwerako kugalaja, ndipo ndinaimirira pomwepo pamene amayesa. Thermostat yatseguka bwino mumphika, ndiye yabwezeredwa m'malo mwake. Labala wa chitsekero anali wong'ambika, ndipo radiyeta atatsegula apeza timapayipi tambiri titatsekeka ndi dzimbiri. Akuti mawa aikamo ina ndi kuthira coolant. Kodi pali china choti ndiwakumbutse pamene akumanga?

Makaniko wa ku Luwinga

Zilipo, mayi. Poti madzi anali a dzimbiri, atsuke injini ndi hita mpaka madzi otuluka atayera asanamange radiyeta yatsopano, kupanda kutero zinyalala zomwezo zikaitsekanso. Asuzumirenso timapiko ta pampu. Pa thermostat pali kabowo kokhala ndi kachitsulo kolendewera. Kabowo kameneko kayang'ane kumwamba, chifukwa ndi potulukira mpweya. Akathira coolant, alize injini chitsekero chili chotsegula, hita ili pa kutentha, mpaka thermostat itatseguka ndipo thovu litasiya kutuluka, akuonjezera pang'onopang'ono. Mpweya wotsalira mkati umachititsa galimoto kutentha ngakhale zipangizo zonse zili zatsopano. M'mawa wotsatira, injini isanalire, muone mu radiyeta ndi m'kathanki kuti madzi ali pakati pa mizere iwiri ija, chifukwa tsiku loyamba amatsika pang'ono.

Woyendetsa takisi wa ku Mchengautuwa

Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, poti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Yanga ndi Probox, ndipo inatentha kwambiri tsiku lina payipi itaphulika pa msewu wa ku Ekwendeni. Payipi ndinasintha, koma kuchokera pamenepo madzi akumachepa popanda podontha pooneka, kathanki kakumasefukira ndikayenda mtunda wautali, ndipo m'mawa injini ikumanjenjemera kwa kanthawi isanakhazikike. Oyilo ndi woyera bwinobwino, alibe zoyera ngati mkaka zimene anthu amanena. Kodi nanenso ndingosintha chitsekero?

Makaniko wa ku Luwinga

Achimwene, chitsekero muyese ndithu poti n'chotchipa, koma zizindikiro mwatchulazo zikuloza ku gasiketi ya hedi. Gasiketi imeneyi imakhala pakati pa buloko ndi hedi, ndipo imalekanitsa zinthu zitatu: moto wa m'masilinda, njira za madzi, ndi njira za oyilo. Injini ikatentha mopyola muyeso, hedi ya aluminiyamu imapindika pang'ono, mwina mosaoneka ndi maso, ndipo gasiketi imasiya kugwira. Oyilo amasanduka ngati mkaka pokhapokha ngati yabooka pakati pa madzi ndi oyilo. Ikabooka pakati pa silinda ndi njira ya madzi, oyilo amakhala woyera, koma utsi wa m'silinda umalowa m'madzi n'kuwakankhira kukathanki, ndipo usiku injini ikazizira madzi amadonthera m'silinda, n'chifukwa chake imanjenjemera m'mawa mpaka madziwo atapsa.

Mungathe kuyesa nokha. M'mawa injini ili yozizira, mutsegule chitsekero, mudzaze madzi mpaka pakhosi, mulize injini n'kuyang'ana. Thovu likamatuluka mosalekeza, kapena mutatseka chitsekero payipi yakumtunda n'kuuma gwa pasanathe mphindi zochepa injini isanatenthe, utsi ukulowa m'madzi. Mapulagi nawonso amaulula, chifukwa ya silinda imene mukulowa madzi imaoneka yotsukidwa kuposa zinzake. Magalaja ena ali ndi mankhwala abuluu oyesera, amene amasintha mtundu akakumana ndi utsi wochokera mu radiyeta.

Zikatsimikizika, musalole kuti angosintha gasiketi yokha. Hedi iyezedwe ndi chitsulo chowongoka, ndipo ngati yapindika ipite ku makina akaipale kuti iwongoke. Mabawuti amangidwe ndi sipanala yoyezera mphamvu, motsatira ndondomeko ya m'buku la injiniyo, osati ndi mphamvu ya mkono. Pakadali pano muziyenda m'tauni mokha, ndipo tsiku limene idzakane kutembenuka m'mawa ngati yagwidwa ndi chinthu, musaikakamize ndi kukankha, mutulutse kaye mapulagi, chifukwa madzi akadzaza m'silinda amapinda ndodo ya pisitoni.